Zida 7 zokwanira semesita yonse ku koleji, ndi momwe mungazikonzere pafoni ndi pa laputopu

Maasayimenti ambiri a ku koleji sawonongeka chifukwa chakuti mwini wake sadziwa phunziro. Amawonongeka ndi tinthu tomwetomweto semesita iliyonse. Tsiku lopereka lakupezani muli phee, mukuyesa kuti ndi sabata yamawa. Fayilo yomwe mwaivutikira masiku atatu yakana kutseguka. Nthawi yakwana 2 koloko usiku, mukulemba marefarensi, ndipo simukukumbukanso kuti chiganizo chokoma chija cha patsamba lachitatu munachitenga m'buku la ndani. Mwinanso mayeso afika, kope ladzaza notsi, koma m'mutu mulibe chomwe chatsala.

Ambiri zikawachitikira amathamangira kuika mapulogalamu khumi ndi asanu pafoni tsiku limodzi: ya notsi, ina ya notsi yokongola kuposa yoyambayo, ya mndandanda wa ntchito, ya nthawi, ya chiyaninso kaya. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pakatha masabata awiri notsi zamwazikana m'malo anayi, foni yadzaza, mwini wake wabwerera ku fulashi ndi kudzitumizira mafayilo pa WhatsApp. Zomwe zimapirira mpaka mayeso ndi zida zochepa, chilichonse chili ndi ntchito yake imodzi. Tizikonza motsatira ulendo wa asayimenti, kuyambira tsiku lomwe mwapatsidwa kufikira tsiku lomwe mwaipereka.

## Zofunika musanayambe

- Foni ya Android kapena iPhone yomwe ili ndi malo otsalako.
- Laputopu, kapena kompyuta ya ku laibulale. Masitepe ena satheka pafoni pokha.
- Imelo yanuyanu, kuwonjezera pa yomwe sukulu inakupatsani.
- Ndondomeko ya phunziro lililonse, ija aphunzitsi amapereka sabata yoyamba, yokhala ndi masiku a maasayimenti ndi mayeso.
- Intaneti yodalirika kwa maola awiri kapena atatu. Ngati pasukulu pali Wi-Fi, chitirani pamenepo.
- Pepala ndi cholembera. Inde, muzifuna pa sitepe yoyamba yomwe.
- Zida zake: Bitwarden, Google Drive pamodzi ndi Docs, Google Calendar, Google Scholar, Unpaywall, Zotero ndi Anki. Zonsezi zimagwira ntchito popanda kulipira, kupatula Anki ya pa iPhone.

Ngati mumakonda Word, mutha kuika OneDrive pamalo pa Drive. Dziwani chabe kuti malo aulere a OneDrive ndi 5 GB pomwe a Google ndi 15 GB.

## 1. Tsekani khomo kaye

Zonse zomwe tikonze zikhala mu akaunti imodzi. Akauntiyo ikapita, semesita yapita nayo.

Mafayilo anu azikhala mu imelo yanuyanu. Ya sukulu ndi yabwino polowera ku laibulale ndi polembera aphunzitsi, koma masukulu ambiri amaitseka munthu akamaliza maphunziro, ndipo zomwe zili m'menemo zimatsekeka limodzi.

Ikani Bitwarden pafoni ndi pa laputopu. Ntchito yake ndi kusunga mapasiwedi onse ndi kukupangirani atsopano ovuta kuwalota, inu n'kumakumbukira imodzi yokha yotsegulira. Imeneyo ikhale mawu anayi kapena asanu osagwirizana, osati dzina lanu ndi chaka chobadwa. Ilembeni papepala, chifukwa mukaiiwala eni pulogalamuyo sangathe kukubwezerani.

Kenako lowani mu akaunti ya Google, pitani pa Security, yatsani 2-Step Verification. Musatuluke musanatsegule pa Backup codes. Mupatsidwa manambala khumi, iliyonse yogwira ntchito kamodzi. Akopereni papepala lija, mulisunge pamodzi ndi masatifiketi anu.

Chenjezo: apa ndi pomwe ambiri amadzitsekera kunja okha. Amayatsa chitetezo chotumiza nambala pafoni, manambala khumi aja osalemba. Foni ikabedwa kapena kufa, nambala ikupita ku foni yomwe kulibe, asayimenti ili m'kati, tsiku lopereka ndi mawa.

## 2. Fayilo iliyonse ikhale ndi kwawo

Ine chaputala chathunthu cha kafukufuku wanga chinathera mu fulashi yomwe ndinaiika pa kompyuta ina posindikiza. Pobwerako mafoda onse anali atasanduka tizithunzi tosatseguka. Kuyambira tsiku limenelo fulashi ndimaiona ngati thumba lonyamulira, osati nyumba yosungiramo.

Mu Drive pangani foda imodzi ya semesita. M'kati mwake foda ya phunziro lililonse, ndipo m'foda ya phunziro muike zitatu zokha: Notsi, Zowerenga, Maasayimenti. Musapitirire apo. Mafoda akachuluka mumayamba kuchita ulesi n'kumangoponya zinthu paliponse.

Dzina la fayilo linene phunziro, ntchito ndi tsiku, mwachitsanzo BIO210_lipoti2_03-14. Mayina onga "final", "final yeniyeni", "final yeniyeni 2" ndi omwe amachititsa munthu kupereka fayilo yolakwika.

Tsopano chitani zinthu ziwiri zomwe ambiri amazidumpha:

1. Yatsani kulemba popanda intaneti. Pa laputopu, mu Chrome, tsegulani Settings ya Drive ndi kuchonga pa Offline. Pafoni, dinani timadontho titatu pambali pa fayilo n'kusankha Make available offline. Izi zimayatsidwa intaneti ilipo. Mukadikira kuti ithe kaye, mwachedwa.
2. Phunzirani kubwerera m'mbuyo. Mu Docs, pa File, pali Version history. Imaonetsa momwe fayilo inalili dzulo, dzana, sabata yatha. Mukamaliza gawo lalikulu, dinani Name current version mulipatse dzina. Mnzanu wa m'gulu akafufuta ndime zanu mwangozi, mumazibweza m'mphindi imodzi. Mbiri yomweyi ndi umboninso wakuti ntchitoyo munailemba nokha pang'onopang'ono, tsiku lina wina akadzakukayikirani.

Ngati mumalembera mu Word, ikani Drive for desktop kuti foda ya pa laputopu izidzikopera yokha pa intaneti.

Chenjezo: 15 GB ija ndi ya Gmail, Drive ndi Google Photos pamodzi, ndipo pa Android zosunga za WhatsApp zimadyanso pomwepo. Malo akadzaza, maimelo amasiya kulowa ndipo simungapange fayilo yatsopano mu Docs. Mavidiyo a m'magulu ndiwo amadzaza malowa, osati notsi. Kumbukiraninso kuti mukafufuta fayilo pafoni yafufutika paliponse. Imadikira mu Trash masiku 30 okha. Ntchito yaikulu ngati kafukufuku wa chaka chomaliza muziikopera kwinanso sabata iliyonse.

## 3. Masiku onse alowe mu kalendala lero

Tengani ndondomeko za maphunziro zija mulowetse tsiku lililonse la asayimenti ndi mayeso mu Google Calendar, phunziro lililonse mtundu wake. Zimatenga ngati theka la ola.

Koma tsiku lopereka palokha silithandiza. Chikumbutso chobwera mphindi khumi nthawi isanakwane chimangokuuzani kuti mwalephera. Pa asayimenti iliyonse werengani chobwerera m'mbuyo, muike masiku enanso atatu: tsiku loti zowerenga zikhale zitapezeka, tsiku loti kulemba koyamba kukhale kutatha, ndi tsiku lanu lopereka, lomwe likhale masiku awiri lenileni lisanafike. Pa tsiku lenilenilo ikani zikumbutso ziwiri, cha sabata imodzi ndi cha masiku awiri.

Ngati sukulu yanu imagwiritsa ntchito Moodle, tsamba lomwe aphunzitsi amaikapo notsi ndi kulandirirapo maasayimenti, kalendala yake ili ndi malo otulutsira linki. Ikopereni, ndipo pa kompyuta tsegulani Google Calendar, pa Other calendars musankhe From URL. Masiku omwe aphunzitsi aika adzilowa okha. Musaidalire kwambiri: aphunzitsi akasintha tsiku, kusinthako kumatha kutenga maola ambiri kuti kuoneke kwanu.

Chenjezo: 12:00 PM ndi masana. 12:00 AM Lachisanu ndi usiku wa Lachinayi, pomwe Lachisanu likungoyamba kumene. Sinthani foni izionetsa nthawi ya maola 24 kuti musamasokonezeke.

## 4. Kusaka zowerenga zomwe aphunzitsi angazilandire

Google wamba amakupatsani zomwe anthu ambiri amadina. Pa asayimenti pitani ku scholar.google.com, komwe kumapezeka mapepala a kafukufuku, mabuku ndi zolemba za ophunzira a madigiri apamwamba.

Musalembe funso lonse la asayimenti m'bokosi. Sankhani mawu awiri kapena atatu omwe akatswiri a nkhaniyo amagwiritsa ntchito. Mawu oyendera limodzi muwaike m'kati mwa zizindikiro zogwira mawu, monga "soil erosion", kuti asabalalitsidwe. Kumanzere kuli posankhira zaka, komanso Review articles. Yambani ndi amenewa. Pepala lotere limasonkhanitsa zomwe ofufuza ambiri apeza pa mutu umodzi, ndipo marefarensi ake ndi mapu okuuzani koyenera kupita.

Mukapeza pepala limodzi labwino, musabwererenso kukasaka mwachisawawa. Pansi pake pali tinthu tiwiri tamtengo wapatali. Cited by imakuonetsani mapepala omwe analitchula pambuyo pake, ndiye kuti mumaona momwe mkanganowo wayendera kufika lero. All versions imaonetsa malo ena komwe pepala lomwelo lili, ndipo kawirikawiri pamodzi mwa malowo pamakhala PDF yaulere yomwe wolemba anaika ku yunivesite yake.

Pepala likafuna ndalama, musalipire msanga. Yesani izi motsatana:

1. Mu Settings ya Scholar, pa Library links, lembani dzina la sukulu yanu. Ngati ilipo, mapepala omwe laibulale yanu inalipira kale adzayamba kuoneka ndi linki pambali.
2. Ikani Unpaywall pa Chrome kapena Firefox. Mukatsegula tsamba la pepala, kumanja kumatuluka kachizindikiro ka loko. Kakakhala kobiriwira, pali kope laulere lovomerezeka. Dinani.
3. Sakani mutu wake pa core.ac.uk. A zaumoyo ayang'ane PubMed Central, a zauphunzitsi ERIC, a fizikisi, masamu ndi makompyuta arXiv.
4. Lemberani wolemba. Imelo yake imakhala patsamba loyamba la pepala. Ziganizo zitatu zaulemu zimakwana, ndipo ofufuza ambiri amasangalala kumva kuti wina akufuna kuwerenga ntchito yawo.
5. Pitani kwa oyang'anira laibulale. Safunsa anadya phula. Anthu amenewa amadziwa nkhokwe zomwe sukulu inalipira, zomwe ophunzira ambiri amamaliza zaka zinayi osazitsegulapo.

Mabuku ophunzirira a chaka choyamba ndi chachiwiri, monga a bayoloje, khemisitiri, fizikisi, masamu ndi zachuma, alipo aulere pa OpenStax ya ku Rice University. Mumatenga PDF kamodzi n'kumawerenga popanda intaneti.

Chenjezo: Scholar sasefa. Pepala kupezeka pamenepo sikutanthauza kuti ndi lodalirika. Pali magazini omwe amasindikiza chilichonse bola wolemba walipira. Magazini yaulere yomwe simukuidziwa muziisaka pa doaj.org, ndipo ngati palibe, funsani aphunzitsi musanaigwiritse ntchito. Mapepala ambiri a pa arXiv amaikidwa akatswiri ena asanawaunike, choncho onani ngati linadzasindikizidwa m'magazini pambuyo pake.

## 5. Zotero: marefarensi azilembeka pomwe mukuwerenga

Mukanandiuza kuti ndisankhe chida chimodzi pa zonsezi, ndikanasankha ichi. Zotero ndi pulogalamu yosunga zowerenga zanu ndi kukulemberani marefarensi. Lamulo lake ndi limodzi: chilichonse chomwe mwatsegula n'kuona kuti mwina mudzachitchula, chilowe mu Zotero nthawi yomweyo, musanawerenge ndi ndime imodzi yomwe.

Kuika. Pa zotero.org tengani zinthu ziwiri: pulogalamu ya pa kompyuta ndi Zotero Connector ya pa Chrome, Firefox kapena Edge. Tsekani Word musanaike. Mukadzaitsegula mudzapeza mzere watsopano pamwamba wolembedwa Zotero. Mu LibreOffice ndi mu Google Docs imagwiranso. Tsegulani akaunti yaulere kuti zosunga zanu zizikhalanso pa intaneti.

Kusunga. Pangani foda ya asayimenti m'kati mwa Zotero. Mukakhala patsamba la pepala, dinani kabatani ka Connector pamwamba. Imatenga mutu, olemba, chaka, magazini, masamba, ndi PDF ngati ilipo. Buku la m'manja, dinani kachizindikiro ka kandodo, mulembe nambala ya ISBN yomwe ili kuchikuto chakumbuyo. Pepala lokhala ndi DOI, nambala yakeyake yolizindikiritsa pa intaneti, chimodzimodzi. PDF yomwe muli nayo kale, ingoikokerani m'kati, Zotero iyesa kudzipezera yokha zonse zofunika.

Kukonza. Apa ndi pomwe anthu amagwa. Zotero imakopera zomwe yapeza, zolondola ndi zolakwika zomwe. Mukasunga chinthu, yang'anani kumanja masekondi khumi. Chaka chilipo? Mutu sunalembedwe m'zilembo zazikulu zokhazokha? Dzina la makolo la wolemba lili m'bokosi lake? Samalani makamaka ndi mabungwe. Lipoti la World Health Organization likalowa ngati dzina la munthu, m'marefarensi mudzatuluka "Organization, W. H.", ndipo aphunzitsi adzadziwiratu kuti simunayang'ane. Pambali pa dzina pali kabatani kosinthira mabokosi awiri kukhala limodzi. Dinani kameneko, mulembe dzina lonse la bungwe.

Kuwerenga. Tsegulani PDF m'kati mwa Zotero momwemo. Mutha kupaka mitundu pa ziganizo ndi kulemba ndemanga pambali. Ine ndimachita chonchi: chikasu ndi mawu enieni a wolemba, ndipo ganizo langa lililonse ndimaliyamba ndi "INE:". Zikuoneka zachibwana, koma pakapita masabata atatu simungasiyanitse chiganizo chomwe munaganiza nokha ndi chomwe munakopera. Ophunzira ambiri ogwidwa ndi mlandu wokuba mawu sanafune kuba. Anangosakaniza notsi. Mukamaliza, dinani pa pepalalo ndi batani la kumanja la mausi musankhe Add Note from Annotations. Zonse zomwe munapaka zisonkhana pamodzi, chilichonse ndi nambala ya tsamba lake.

Kulemba. Zotero ikhale yotsegula. Mu Word, dinani pomwe mukufuna kutchula wolemba, kenako dinani Add/Edit Citation. Ulendo woyamba ikufunsani kalembedwe: APA, Harvard, Chicago, Vancouver, IEEE. Sankhani komwe dipatimenti yanu ikufuna. Lembani dzina la wolemba, sankhani, onjezani tsamba ngati mwagwira mawu ake. Pomaliza pitani kumapeto kwa ntchito mudine Add/Edit Bibliography. Mndandanda wonse utuluka, woyalidwa kale. Aphunzitsi akati amafuna Harvard osati APA, mumasintha pa Document Preferences, zonse n'kusinthika nthawi imodzi.

Kamodzi kamodzi mudzaona pepala lili ndi chizindikiro chofiira. Ndiye kuti magazini inalichotsa italipeza ndi vuto. Lisiyeni.

Chenjezo: cholakwika cha m'marefarensi muzikonzera mu Zotero, kenako Refresh mu Word. Mukakonza ndi manja m'ndandandamo, Refresh yotsatira imatha kuchibweza momwe chinalili. Musasamutsire foda ya Zotero yeniyeniyo mu Drive kapena Dropbox, chifukwa nkhokwe yake imawonongeka. Ndipo malo aulere a ma PDF ndi 300 MB okha. Akadzaza, marefarensi ndi notsi zimapitirira kusungika pa intaneti, koma ma PDF atsopano amatsala pa laputopu pokha.

Mulibe laputopu yanuyanu? Tsamba la zbib.org, la anthu omwewo, limapanga marefarensi popanda kuika chilichonse kapena kutsegula akaunti.

## 6. Notsi za pamanja

Musasiye kope. Ingolisikanani Lachisanu lililonse. Pulogalamu ya Drive ya pafoni ili ndi kachizindikiro ka kamera kochitira zimenezi, ndipo pa iPhone Notes imachitanso. Masamba a sabata yonse akhale PDF imodzi m'foda ya Notsi. Zithunzi za bolodi zomwe zimasakanikirana ndi zithunzi zina 3,000 m'foni palibe amazionanso.

## 7. Anki: kuloweza osadikira usiku wa mayeso

Kuwerenga notsi kasanu kumakunamizani. Maso azolowera tsamba, inu n'kumayesa mwadziwa. Anki imakufunsani funso, inu muyankhe m'mutu musanaone yankho. Zomwe mwakhoza imazikankhira kutsogolo masiku angapo, kenako masabata, kenako miyezi. Zomwe mwalakwa imazibweza posachedwa. Imathandiza kwambiri pa maphunziro oloweza zambiri: ziwalo za thupi, mankhwala, malamulo, mafomula, mawu a chilankhulo china.

Ya pa kompyuta itengeni pa apps.ankiweb.net. Ya pa Android dzina lake ndi AnkiDroid, yaulere. Ya pa iPhone ndi AnkiMobile, yogula, koma mutha kuwerenga makhadi anu kwaulere pa ankiweb.net. Pali mapulogalamu ena a mayina ofanana omwe si a anthu omwewo, ndipo salumikizana ndi AnkiWeb. Yang'anitsitsani dzina.

Luso lonse lagona pa kalembedwe ka khadi. Khadi limodzi, funso limodzi, yankho lalifupi. Onani kusiyana kwake. Khadi loipa: "Fotokozani mitosis", kuseri kwake ndime ya mizere khumi. Simungadziwe ngati mwakhoza kapena ayi, ndiye mumangodina kuti lipite. Khadi labwino: "Ndi gawo liti la mitosis pomwe makromozomu amandanda pakati pa selo?" Yankho: metaphase. Ndime ija ithyoleni ituluke makhadi asanu ndi limodzi otere. Pa zithunzi, monga mafupa a dzanja kapena mapu, gwiritsani ntchito Image Occlusion: mumaphimba mayina pa chithunzi, Anki n'kumakufunsani limodzi limodzi.

Pangani makhadi tsiku lomwelo la phunziro, asanu kapena khumi, pa zomwe mwazimvetsa kale. Chomwe simunachimvetse musachiloweze, bwererani kaye ku buku.

Chenjezo: Anki imabwera itaikidwa pa makhadi atsopano 20 patsiku. Akuoneka ochepa, koma lililonse limabweranso kangapo, ndipo pakatha mwezi mumadzuka n'kupeza mulu. Tsitsani afike 10. Mukalephera khadi dinani Again, osati Hard. Hard amatanthauza kuti mwakhoza movutikira, ndipo mukamadzinyengerera nayo khadilo limapita kutali musanalidziwe. Ngati mukugwiritsa ntchito foni ndi laputopu, dinani Sync poyamba ndi pomaliza. Ikadzakufunsani kuti musankhe mbali imodzi, werengani bwino, chifukwa mbali inayo ifufutika.

## 8. Phunziro likakana kulowa

Izi si zoika pafoni, ndi zotsegula zikafunika. Masamu ndi sayansi ya maziko yomwe inakudutsani, Khan Academy. Mafunso ovuta oyeserera, ambiri okhala ndi mayankho, MIT OpenCourseWare. Kuona momwe magetsi kapena mafunde amayendera, PhET ya ku University of Colorado Boulder. Magirafu, Desmos kapena GeoGebra. Pa YouTube tsitsani chithunzi chifike 360p: bolodi limaonekabe, bandulo n'kukhalitsa. Ndipo vidiyo ikatha, tsekani, muyese funso limodzi nokha. Kuonera munthu akuthetsa samu sikuthetsa samu.

Nanga ChatGPT, Gemini ndi Claude? Ndi abwino pofotokoza ndime yovuta m'mawu osavuta, ndi pokufunsani mafunso ngati mnzanu wowerenga naye. Koma amatha kupeka: dzina la wolemba weniweni, mutu womveka bwino, magazini yodziwika, chikhalirecho pepala lotero kulibe. Refarensi iliyonse yochokera kumeneko isakeni pa Scholar, kapena ikani DOI yake pa doi.org. Isapezeke, itayeni. Werengani malamulo a sukulu yanu pa nkhaniyi, chifukwa amasiyana ngakhale pakati pa aphunzitsi awiri a dipatimenti imodzi. Mayina ndi mayankho a anthu omwe munawafunsa pa kafukufuku musawaike m'menemo.

## 9. Foni yomweyo isakudyereni nthawi

Simufunika pulogalamu ina. Android ili ndi Focus mode mu Digital Wellbeing, iPhone ili ndi Screen Time. Tsekani TikTok, Facebook ndi WhatsApp kwa mphindi 25, mupume zisanu, mubwerezenso. Gulu la kalasi lizimitseni kulira, muzilowamo kawiri patsiku, ndipo zimitsani kutsitsa zithunzi ndi mavidiyo kochitika kokha.

## 10. Kupereka

1. Pangani kope lachiwiri la fayilo. Pa kopelo, pa mzere wa Zotero uja, dinani Unlink Citations kuti marefarensi asanduke zilembo wamba. Musachite izi pa fayilo yeniyeni, sizibwezeka.
2. Sinthani ikhale PDF, pokhapokha aphunzitsi atanena kuti akufuna Word. Tsegulani PDF yomweyo muiyende tsamba ndi tsamba. Matebulo ndi zithunzi zimakonda kudumpha.
3. Ikakula kuposa muyeso wololedwa, ichepetseni pa iLovePDF kapena Smallpdf. Zikalata zokhala ndi zinsinsi zanu musaziike pamasamba oterewa.
4. Mukaikweza pa Moodle, werengani zomwe zalembedwa. "Draft (not submitted)" akutanthauza kuti simunapereke, padakali batani lina loti mudine. Mukufuna kuona "Submitted for grading".
5. Jambulani sikirini yoonetsa mawu amenewo, tsiku ndi nthawi. Chithunzicho chilowe m'foda ya Maasayimenti.

## Zolakwa zomwe zimabwerezedwa kwambiri

Kutumiza linki yotseka. Mwatumizira aphunzitsi linki ya Drive ili pa Restricted. Iwo akuona uthenga wopempha chilolezo, inu mwagona. Onjezani imelo yawo pa Share, kapena yesani linkiyo pawindo la Incognito la mu Chrome, lomwe silikumbukira akaunti yanu, musanatumize.

Kugawana fayilo ya gulu pa WhatsApp. Anthu asanu, makope asanu, aliyense wasintha pake, ndipo wina agona mochedwa akulumikiza zidutswa. Fayilo ikhale imodzi mu Docs. Mmodzi akhale mwini, enawo azilemba pa Suggesting kuti zosintha zawo zizioneka asanazivomereze.

Kukhulupirira batani la Cite la Scholar. Nthawi zina limasiya masamba, nthawi zina limapereka chaka cha kope lina. Tsegulani tsamba la magazini yeniyeniyo, musungire pamenepo.

Kuika ntchito yanu pamasamba aulere oyezera kuba mawu. Ena mwa masambawa amasunga zomwe mwaika. Tsiku lopereka, ntchito yanu n'kupezeka ikufanana ndi ina ya pa intaneti, yomwenso ndi yanu yomwe. Ngati sukulu ili ndi Turnitin, pulogalamu yoyezera kufanana kwa zolemba, funsani ngati amalola kuyeza musanapereke komaliza. Ndipo nambala ya kufanana payokha sinena kuti mwaba kapena simunabe. Tsegulani lipoti muone zomwe zapakidwa mtundu: marefarensi ndi mawu ogwidwa bwino amawerengedwanso nthawi zina.

Kutenga makhadi a Anki opangidwa ndi ena okhaokha. Mulu wa makhadi 5,000 wochokera ku sukulu ina uli ndi zambiri zomwe aphunzitsi anu safunsa, ndipo ulibe zomwe anatsindika Lachiwiri lapitali.

Kusiya akaunti yotsegula pa kompyuta ya ku laibulale. Kutseka windo si kutuluka. Lowani kudzera pa Guest kapena Incognito. Mukakumbukira muli kale panjira, tsegulani akaunti ya Google pafoni, pa Security mupeze Your devices, musankhe kompyutayo, mudine Sign out.